Dzenje Kuseri kwa Phewa

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, kuti ngati mukufuna kuseka musekeretu pano, chifukwa kutsogoloku zoseketsa zichepa. Ine Nkhoma, munthu wa imvi mpaka m'makutu, amene sukulu ndinalekeza Sitandade 4 chifukwa aphunzitsi ndi ine sitinkagwirizana za nthawi yofikira, ndinakula ndikukhulupirira kuti munthu akakhala ndi dzenje kuseri kwa phewa ndiye kuti alipo amene amamukwera usiku. Ndinkati dzenjelo ndi pamene mfiti imatsamiritsa bondo. Mukaona mmene chishalo cha njinga ya kabaza chimalowera pakati chifukwa cha kukhalidwa, basi, maganizo anga anali omwewo.

Sindinali ndekha ayi. M'mapiri athu ano, kuchokera ku Dowa kukafika ku Ntchisi, mukanafunsa aliyense wa msinkhu wanga akanakuyankhani chimodzimodzi. Ndipo sizinali nkhani za pamowa chabe. Nditangokwatira kumene mkazi wanga Nabanda, mlongo wake Sandifolo ankacheka matabwa m'nkhalango ndi sowo ija ya anthu awiri. Iyeyo ndiye ankaima kunsi, manja m'mwamba tsiku lonse, utuchi ukumugwera m'maso. Mkono wake wamanja unayamba kufooka. Tsiku lina akusamba kudambo anzake anaona kuti kuseri kwa phewa kwalowa, moti akawerama ukanatha kuikapo dzira. Mvula isanagwe, apongozi anga aakazi, amene anabala Nabanda ndi Sandifolo yemweyo, anthu anali atawathamangitsa pamudzi, ati ndiwo ankamukwera. Ndinawaona akukwera phiri, kamtolo pamutu, nkhuku m'khwapa. Anakamwalira kwa eni, uthenga n'kutipeza ataikidwa kale. Nabanda sanatchulenso nkhaniyo ngakhale kamodzi, ndipo ine ndinkati mwina nayenso mumtima akuvomereza kuti zinali zoona.

Tsopano za ntchito. Moyo wanga wonse ndinali tenanti m'maesiteti a fodya: kusoka masamba, kupachika ndawala za masamba osokawo m'chigafa, kudinda mabelo. Imeneyo sindiitcha ntchito, ndimaitcha chilango. Ntchito yeniyeni, yovala gauni loyera ngati munthu, ndinaipeza mano atayamba kale kutsanzikana nane.

Pafupi ndi kwathu pali mishoni ina, ndipo kuseri kwa sukulu yake kuli bwalo la tenesi limene ansembe akale anasiya. Linali litasanduka podyera mbuzi, mpaka mphunzitsi wina wachinyamata analilambula, kulitsira dothi la pachulu, kujambula mizere ndi laimu, n'kumanga neti yosokererasokerera. Anyamata a m'midzi anayamba kubwera. Ine ndinkapitako masana kukakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumawanyoza kuti anthu andevu akulimbirana kampira kochepa ngati ndimu.

Tsiku lina la dzinja galimoto yaing'ono inatitimira m'matope kunsi kwa chitunda. Ndinathandiza kukankha. Kunena zoona ndinathandiza kukuwa, okankha anali ena. M'galimotomo munatuluka mayi wochepa thupi, wa magalasi, atakumbatira chikwama chakuda ngati khanda. Anati ndi Mayi Zimba ochokera ku Lilongwe, ntchito yawo ndi yowongola ziwalo za anthu ovulala, ndipo abwera kudzayeza mapewa a osewera tenesi. Ankafuna munthu wodziwa anyamatawo ndi midzi yawo.

"Bambo, mumatha kusunga pakamwa?" anandifunsa.

"Ayi, mayi."

"Chabwino, bola simunaname. Nanga chikwama mungasunge?"

"Chimenecho inde."

Ndinalembedwa ntchito pomwepo, matope akadali m'miyendo.

M'chikwamamo munali makina a sikani, omwe aja amaunikira amayi oyembekezera kuchipatala, koma aang'ono, otsekula ngati buku. Anali ndi sikirini, mabatani, ndi chingwe chothera pa kanthu kogwira m'manja kotchedwa pulobu, kofanana ndi kamakina kometera tsitsi. Panalinso botolo la jelo, mafuta ozizira oterera ngati therere. Popanda jeloyo makina saona kanthu. Mayi Zimba anati makinawo amakuwa m'thupi ndi mawu amene khutu silimva, n'kumvetsera mmene mawuwo akubwerera, monga phiri limakuyankhira ukaitana ng'ombe. Pakatsala mpweya pakati pa khungu ndi pulobu, mawuwo amabwerera pakhomo osalowa.

Ntchito yanga inali iyi. M'mawa ndinkakatenga batire kwa ansembe kumene inkatchajidwa pa sola. Kenako ndinkatchinga mawindo a kachipinda kosungiramo makasu a sukulu ndi mabulangete, chifukwa kukawala sikirini sioneka. Pakati ndinkaika situlu yopanda chotsamira. Mnyamata akalowa ankavula malaya, kukhala mowongoka, dzanja pantchafu. Mayi Zimba ankapapasa kumsana kufuna mzere wa fupa lija lophwatalala la phewa, ine n'kuwapatsa cholembera, iwo n'kuika timadontho pakhungu. Kenako jelo, kenako pulobu, pamwamba pa mzere wa fupalo ndi pansi pake. Pa sikirini pankaoneka zotuwa ngati mitambo ya mvula, ndipo kunsi kamzere koyera kowala, ndilo fupa. Mnofu wabwino umaoneka wakuda, wa timizere ngati nthenga ya nkhanga. Akadina batani chithunzi chinkaima, iwo n'kuika kamtanda pamwamba pa mnofu, kena pansi, makina n'kunena kukhuthala kwake. Ankabwereza kangapo, kenako phewa linalo.

"Osakanikiza, a Nkhoma," anatero tsiku lina atandigwiritsa pulobu. "Mukakanikiza mnofu umaphwa, ndiye mwayeza mphamvu zanu, osati za mwanayu."

Akamaliza ndinkapukuta jelo ndi kansalu, kutsuka pulobu, n'kuitana wina. Anyamatawo ankadziwa kuti makina amenewa ndi a amayi apakati, ndiye aliyense potuluka ankandifunsa, "Madala, andipeza ndi miyezi ingati?" Ine n'kuyankha kuti, "Iwe ndi mapasa, kauze kwanu agule mabeseni awiri." Ndinafunsanso Mayi Zimba kuti zonsezi n'zofuniranji makina, poti aliyense wosinja amadziwa kuti mkono wogwira ntchito ndiwo umakula. Anati, "Malo ena umakula, malo ena ayi. N'chifukwa chake tikuyang'ana." Sindinawamvetse, mpaka tsiku limene analowa Lonjezo.

Lonjezo anali katswiri wa bwalo limenelo, mnyamata wamtali, wosalankhula zambiri. Akaponya kampira m'mwamba n'kukamenya ndi laketi kuchokera kuseri kwa mutu, ife pansi pa mango tinkangomva phokoso, kampira osakaona. Aphunzitsi anali atamupezera mwayi wokayesedwa ku Lilongwe mvula ikatha, ndiye ankamenya mamenyedwe omwewo kuyambira kum'mawa mpaka mbuzi zitalowa m'khola. Makolo ake anamwalira ali wamng'ono. Anamulera ndi agogo ake, Anambewe, nkhalamba yowonda imene inkabwera kubwalo ndi mbatata yootcha m'kansalu. Koma mwini mbumba, wolamula zonse za mnyamatayo, anali amalume ake, a Chimbalanga, amene ndinapachika nawo fodya chigafa chimodzi zaka zambiri. Iwowa anali atauza kale mudzi wonse kuti mphwawo akupita kutauni kukasewera ndi azungu.

Lonjezo atavula malaya, kuwala kwa sikirini kunamugwera cham'mbali, ndipo ndinaliona. Kuseri kwa phewa lamanja, pansi pa mzere wa fupa, panali dzenje. Ndinaona dambo lija, ndinaona Sandifolo atawerama, ndinaona phiri ndi kamtolo. Cholembera chinandipulumuka.

Mayi Zimba anatenga pulobu. Anayeza phewa lamanzere, mnofu wakuda, wokhuthala bwino. Anabwerera kumanja. Pamenepo mnofu unali wopyapyala, wotuwa ngati phulusa. Anayezanso, anasintha kakhalidwe ka mkono, anayezanso. Kenako anauza Lonjezo kuti akanikize chigongono m'nthiti n'kukankhira dzanja kunja, iwo akuletsa. Dzanja lamanzere linawagonjetsa. Lamanja, limene linkaopseza bwalo lonse, analiletsa ndi zala ziwiri.

"Pali kamtsempha kamene kamadzutsa mnofu uwu," anamuuza. "Kamadutsa pamalo opanikizika pafupi ndi fupa. Ukamamenya pamwamba pa mutu tsiku ndi tsiku kamakokeka, mnofu n'kuyamba kugona. Zimachitika kwa osewera ena, si iwe woyamba. Koma usiye kaye kumenya pamwamba, ndipo upite kuchipatala chachikulu akakuonenso."

"Nanga ku Lilongwe?"

"Chaka chino ayi."

Mnyamatayo anavala malaya jelo ndisanamupukute, n'kutuluka.

Nkhani kumudzi siyenda ndi miyendo ya mwini wake. Sabata isanathe, ndikubwerera ndi batire pamutu, ndinapeza Anambewe atakhala pamwala m'mbali mwa njira akundidikira.

"A Nkhoma, makina anuwo akuti anditchula?"

"Makina satchula munthu, Anambewe."

"Akuti Lamulungu likudzali abale asonkhana, ndipo ndichoke m'nyumba mwanga. Akuti ndine ndikumudya mwanayu kuti asapite."

Umboni wake unali umodzi. Tsiku lina pachitsime gogoyu ananena kuti, "Lonjezo akapita kutauni nditsala ndi yani?" Mawu amene gogo aliyense amanena. Anthu anawasunga, ndipo tsopano anali atawatulutsa. Ndinawayang'ana manja awo, owuma ngati mapesi, ndipo sindinapeze nthabwala ngakhale imodzi. Zimenezo kwa ine sizichitikachitika.

Tsiku lovuta linali Lachisanu. Titangoyatsa makina, chitseko chinatseguka popanda odi. Analowa a Chimbalanga atavala jekete la maliro, kumbuyo kwawo Lonjezo atazyolika, ndi achibale aamuna angapo amene anadzaza kachipindako mpaka makasu anayamba kugwa. Anambewe anawasiya panja, atakhala pansi pakhomo ngati mbuzi yodikira wogula.

"Adokotala, tabwera kuti mutionetse zimene mwaona."

Mayi Zimba anakondwera. Anaganiza kuti anthu akaona ndi maso awo nkhani itha. Anakhazika Lonjezo pa situlu, ine ndinathira jelo, iwo anaika zithunzi ziwiri moyandikana pa sikirini, lamanzere ndi lamanja. Anafotokoza za kamtsempha, za fupa, za kumenya pamwamba pa mutu, pang'onopang'ono, m'Chichewa chabwino. A Chimbalanga anawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda sikirini.

"Uku nyama ilipo?"

"Ilipo."

"Uku yachepa?"

"Yachepa, inde."

"Yapita kuti?"

"Sinapite kulikonse, bambo, yangofota chifukwa..."

"Mwamva nonse," anatero a Chimbalanga akutembenukira abale awo. "Ife timangonena ndi pakamwa. Lero makina a boma aonetsa. Mwana wadyedwa."

Onse anavomera ndi kukhosi. Mayi Zimba anavula magalasi n'kuwavalanso. Anayambiranso kufotokoza, koma tsopano mawu awo ankangogwera pansi. Wina anafunsa kuti, ngati ndi tenesi, bwanji mkono womenya ndiwo wachepa m'malo mokula? Wina anati anyamata onse amamenya kampira komweko, bwanji Lonjezo yekha? Mayi Zimba anati alipo ena amene mnofu wawo wayamba kuchepa pang'ono, koma sangawatchule, chifukwa za m'thupi la munthu ndi za mwini wake. A Chimbalanga anaseka. Chinthu chimene tinabweretsa kuti chiunikire chinali chitasanduka mboni ya mlandu, ndipo amene ankatchaja batire yake ndinali ine.

Apa ndi pamene ndinaganiza zochita ukatswiri wanga. Ndinati ndiwaseketse kaye, mitima itsike, kenako tikambirane.

"A Chimbalanga, inu sikani simuidziwa, mwaiona lero," ndinatero ndikuvula gauni. "Ine ndagona nayo mwezi wathunthu. Dikirani muone phewa la mwamuna weniweni, losakweredwa ndi munthu, kuti mukhale ndi pofananizira. Iwe Lonjezo, choka pa mpando wa akuluakulu."

Ena anaseka. Ndinavula malaya, ndinakhala pa situlu, dzanja pantchafu monga ndinkaphunzitsira anyamata. Ndinamva jelo kuzizira. Ndinamva pulobu ikuyenda pansi pa fupa. Kenako ndinamva kuti kuseka kwatha.

Mukudziwa, munthu saona msana wake. Galasi la kwathu ndi kachidutswa kometera ndevu, ndipo palibe tsiku limene ndinaganiza zolizungulitsa kumbuyo. Ndinapotoza khosi kuyang'ana sikirini. Pamene pa Lonjezo panali mnofu wopyapyala wotuwa, pa ine panali kansalu chabe, koyera mbee, kogona pa fupa.

"A Nkhoma," anatero Mayi Zimba motsitsa mawu, "mkono uwu mumatha kuukankhira kunja?"

Ndinakumbukira kuti papita zaka ndisakutha kugenda mbuzi. Mwala unkangogwera pafupi, ana n'kumandiseka, ine n'kumati ndi ukalamba. Ndinapisa dzanja lamanzere pamwamba pa phewa mpaka kuseri. Zala zanga zinalowa m'dzenje lakuya kuposa la Lonjezo, lakuya kuposa la Sandifolo.

"Ili ndi lakale kwambiri," anapitiriza Mayi Zimba. "Linayamba bwalo la tenesi ili lisanalambulidwe n'komwe. Munkagwira ntchito yanji yokweza manja?"

"Kupachika fodya," ndinayankha.

"Ndiye nanunso akukudyani," anatero mmodzi wa achibale aja, mosaseka.

M'kachipindamo munali mdima, fungo la makasu ndi thukuta, ndi kuwala kotuwa kwa sikirini pankhope za anthu. Ndinaona maso awo akuyamba kuwerengera. Nkhomayu amakhala ndi yani? Mkazi wake ndi mwana wa yani? Akuluakulu onse a m'chipindamo ankaidziwa nkhani ya apongozi anga. Ndinadziwa kuti ndikangokhala chete, Lamulungu likhala ndi milandu iwiri.

"A Chimbalanga," ndinatero, "ndawala zimene ndinkapachika ine, ankandipatsira ndani?"

"Ine."

"Nanga ine ndikatopa, ankakwera pamwamba ndani?"

A Chimbalanga anayang'ana kumbali.

"Khalani apa. Jelo alipo wambiri, ndi wa boma. Vulani jeketelo tione. Ngati muli bwinobwino, ine ndemwe Lamulungu ndidzathandiza kunyamula katundu wa Anambewe."

Ndinanyamuka pa situlu, msana uli noninoni ndi jelo. Situluyo inakhala pakati pa chipinda yopanda munthu. A Chimbalanga anaiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona dzanja lawo lamanzere likukwera pang'onopang'ono kupita kuphewa lamanja, n'kuima panjira, n'kukonza kolala ya jekete. Ndinakumbukira kuti munthuyu chipewa amavula ndi dzanja lamanzere, ndipo pamaliro fosholo amaipereka msanga kwa anyamata.

"Ine sindivula pamaso pa mzimayi," anatero.

"Ndituluka, a Nkhoma akuyezani," anatero Mayi Zimba. "Ndinawaphunzitsa."

"Ndati sindivula."

Palibe anaseka. Abale aja anayamba kuyang'ana pansi, wina kudzikanda paphewa, wina kuyang'ana kudenga. Onsewo anali anthu a fodya. A Chimbalanga anatembenuka, anakankha chitseko, kuwala kunalowa sikirini n'kuzimirira. Pakhomo anadutsa Anambewe osawayang'ana. Enawo anatsatira mmodzimmodzi.

Lonjezo ndiye anatsala. Anatola kansalu kanga n'kundipukuta msana, ntchito yanga yomwe. Kenako anatuluka, ndipo ndinamumva panja akuti, "Agogo, tiyeni. Lero ndikagona kukhonde kwanu, wofuna kukutulutsani adzayambe wandidzutsa."

Ndisakunamizeni kuti mudzi unatembenuka mtima. Lamulungu linafika, msonkhano sunachitike, ndipo palibe ananena chifukwa chake. Anambewe anakhalabe m'nyumba mwawo mpaka tsiku limene anatuluka ndi bokosi la maliro, ali pakati pa abale awo. Koma akazi ena analeka kukapala moto kwawo, ndipo ana ankadutsa pakhomo pawo mothamanga. A Chimbalanga sanandilankhulenso chaka chonse. Lonjezo ku Lilongwe kuja sanapite. Anapita kuchipatala chachikulu, anabwerako ndi malangizo, ndipo Mayi Zimba anamuphunzitsa kukoka mphira ya chubu cha njinga yomangirira pamtengo, chigongono chili m'nthiti, m'mawa ndi madzulo. Mphamvu zina zinabwerera, dzenje silinathe. Lero ndiye amaphunzitsa ana pabwalo lija, ndipo mwana akamenya pamwamba kwa nthawi yaitali amamulanda laketi n'kumutuma kukatunga madzi.

Mayi Zimba anamaliza kuyeza mvula itatsala pang'ono kutha. Tsiku lolongedza anandiuza kuti, "A Nkhoma, ine ndinkaganiza kuti chithunzi chimalankhula chokha." Ine ndinati inenso ndinkaganiza kuti nthabwala imathetsa chilichonse, ndiye tonse tapita kusukulu. Anandisiyira gauni lija. Ndimalivala pozira nyumba ndi laimu.

Kwa inu amene mukufuna ntchito imeneyi, chimene ndinasunga ndi ichi. Makina amaonetsa kuti nyama yachepa, koma sanena amene waichepetsa. Pamenepo aliyense amaikapo dzina limene anabwera nalo kuchokera kunyumba. Ndiye musanatembenuzire sikirini kwa achibale, yambani mwafunsa kuti panja pakhala ndani akudikira. Ndipo osakanikiza pulobu.

Koma sindinakuuzeni za madzulo a Lachisanu lija. Ndinafika kunyumba dzuwa litalowa kuseri kwa phiri lomwe lija. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikulumbira kuti panjira yokwera ndinkaona kamtolo kakuyenda, ngakhale ndikudziwa kuti panalibe munthu. Sandifolo, manja m'mwamba tsiku lonse pansi pa sowo. Zinali zomwezo basi. Sowo, ndawala, laketi. Ndipo mayi wina anakafera kwa eni chifukwa cha kamtsempha kochepa ngati ulusi.

Nabanda anali atatenthetsa madzi. Chiyambire ukwati wathu, ndikabwera kuntchito amandithowa msana ndi kansalu, ine nditakhala pa mtondo wogona, ndikumuuza mabodza a tsikulo. Tsiku limenelo ndinakhala chete. Anayamba kumanzere monga mwa masiku onse, pang'onopang'ono, mpaka m'khosi. Atafika kumanja anangodutsitsa kansalu kamodzi, mwachangu, n'kutsikira m'chiuno. Ndipo ndinazindikira kuti wakhala akuchita choncho zaka zonsezi, ine n'kumati mkono wake watopa.

Ndinamugwira dzanja n'kulibwezera paphewa, zala zake n'kulowa m'dzenjemo.

"Nabanda, makina apeza ichi lero. Akuti ndi fodya. Akuti ndi kukweza manja, ngati mmene ankachitira Sandifolo."

Sanachotse dzanja. Madzi a m'kansalu anatsika msana wonse mpaka anazizira. Kenako anati:

"Ndinaliona Estere wathu ali kumsana, abambo ake Estere. Tsiku lililonse ndimaliona. Koma ine ndine mwana wa mayi uja munamuona akukwera phiri. Ndikanakuuzani, mukanati akukukwerani ndani?"